Ndikupita kukaphunzira ku England: ndalama zochepazi ndingazisamale bwanji?

Mphunzitsi wa ku Chibavi analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndine mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 9. Mwezi wathawu ndinalandira kalata yochokera ku yunivesite ina ya kumpoto kwa England, yondidziwitsa kuti ndapatsidwa malo oti ndikachite digiri yachiwiri ya chaka chimodzi kuyambira mu Seputembala. Thandizo limene ndapeza lidzalipira fizi yonse ndi tikiti ya ndege, ndiponso mwezi uliwonse azidzandipatsa ndalama zolipirira malo ogona ndi kugulira chakudya.

Tsiku limene kalatayo inafika, ine ndi mayi a kunyumba tinakhala pansi n'kuwerengera ndalama za pamwezizo m'makwacha, ndipo tinapeza kuti zikuposa kutali malipiro anga. Usiku womwewo tinayamba kukambirana zofolera nyumba yathu ya ku Mchengautuwa, imene inaima pa mawindo zaka ziwiri zapitazo. Koma mnzanga wina amene anaphunzirako kunja atamva zimenezi anangopukusa mutu, n'kundiuza kuti ndalamazo anaziyeza kuti zikwane munthu mmodzi wodzisamala, osati banja ndi nyumba yomwe.

Mawu akewo andisowetsa tulo. Ndikusiya mkazi ndi ana awiri m'nyumba ya lendi, mayi anga okalamba ali ku Ekwendeni ndipo amadalira ine pa feteleza ndi mankhwala, pamene tchuthi chimene ndapatsidwa kuntchito sichidzabwera ndi malipiro onse. Ndikupempha inu amene munakhalako kunja ngati ophunzira, kaya ndi ku England kapena kwina, kuti mundiuze mosabisa mawu: ndalama zimathera pati kwenikweni, munkadya bwanji, ndinyamule chiyani kuchokera kuno, ndipo kodi n'zotheka kugwira ganyu n'kumatumizako kangachepe kunyumba popanda kuwononga maphunziro? Safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera ndisanamange katundu.

Naphiri wa ku Luwinga anayankha kuti:

Aphunzitsi, ndikuyamikireni kaye, chifukwa malo amenewa amalimbirana anthu ambiri. Ine ndinaphunzira ku Leeds, mzinda wa kumpoto kwa England, ndipo mnzanuyo anakuuzani zoona. Choyamba chimene muyenera kusiya ndi chizolowezi chowerengera paundi m'makwacha, chifukwa chimanamiza munthu kawiri. Mukadali kuno chimakuchititsani kudziona ngati mwalemera, koma mukafika uko chimakuopsezani mpaka kuyenda pansi pa mvula yozizira poganiza kuti ndalama ya basi yomweyo ikanakufikitsani ku Ekwendeni. Kuti mudziwe pamene mwaima, yerekezani ndalama zanu za pamwezi ndi mlingo umene boma la UK limaika kwa opempha viza ya maphunziro. Mu Januwale 2025 mlingowo unaikidwa pa mapaundi 1,136 pamwezi kwa wophunzira wa kunja kwa London ndi mapaundi 1,483 kwa wa mu London, ndipo amaukweza nthawi ndi nthawi. Ngati zanu zili pafupi ndi pamenepo, dziwani kuti mwapatsidwa zongokwanira kukhala ndi moyo.

Chimene chidzadya ndalama zanu kwambiri ndi lendi. Kwa ine inkatenga pafupifupi theka la zimene ndinkalandira, ngakhale kuti ndinkakhala m'kachipinda kamodzi m'nyumba imene tinkagawana khitchini ndi bafa anthu asanu. Musathamangire chipinda chimene chalembedwa mtengo wotsika musanafunse ngati magetsi, gasi, madzi ndi intaneti zili m'kati mwa mtengowo, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mnzanga wina wa ku Zambia anasankha chipinda chotsikirapo kuposa changa, koma pofika mu Disembala, pamene kunja kumada cha m'ma 4 koloko madzulo ndipo nyumba imafuna kutenthetsedwa tsiku lililonse, bilu ya gasi inam'landa zonse zimene ankaganiza kuti wapulumutsa. Ife a ku Mzuzu timati chisanu timachidziwa chifukwa cha Juni ndi Julayi, koma chathuchi chimatha ndi juzi ndi mbaula, pamene cha kumeneko chimakhalitsa miyezi ingapo ndipo chimalipiritsa.

Pa nkhani yomweyi, musatumize dipoziti kwa munthu amene mwangokumana naye pa Facebook mukadali kuno, ngakhale zithunzi za chipindacho zikhale zokongola bwanji. Yambani ndi ofesi ya yunivesite yoona za malo ogona, ngakhale mutalipira zochulukirapo miyezi yoyamba. Lamulo la ku England limati pa nyumba wamba za lendi dipoziti isapitirire lendi ya masabata asanu, ndipo tsiku limene mukulowa jambulani khoma lililonse, kapeti ndi mawindo, chifukwa potuluka zithunzizo ndi zimene zidzakuyankhulirani. Palinso msonkho wa khonsolo umene nyumba iliyonse imalipira. Wophunzira wa nthawi zonse salipira msonkhowu, koma ayenera kutenga kalata ku yunivesite yotsimikizira kuti ndi wophunzira, apo ayi makalata okumbutsa ngongole amayamba kufika.

Chakudya ndiye malo amene munthu ali ndi mphamvu zenizeni zosunga ndalama, malinga ngati akuphika yekha. Lamlungu ndikabwera ku tchalitchi ndinkatereka mphika waukulu wa nyemba ndi wina wa nkhuku, n'kuzigawa m'timakontena toika mufiriji, kotero kuti sabata yonse ndinkangophika nsima kapena mpunga. Popita ku kalasi ndinkanyamula chakudya changa ndi tiyi wa m'fulasiki, chifukwa sangweji ndi khofi za pa kampasi zinkadya ndalama yokwana ndiwo za masiku awiri. Zinthu wamba ndinkagula m'masitolo otchipa a Aldi kapena Lidl, masamba ndi zipatso ku msika wa Kirkgate dzuwa litapendeka, pamene ogulitsa amatsitsa mitengo kuti asabwerere ndi katundu, ndipo ufa, mpunga ndi nyemba ndinkazipeza m'magolosale a Amwenye ndi a anthu a ku Africa. Thumba lalikulu la mpunga tinkasonkherana anthu atatu a m'nyumba imodzi. Masamba ofanana ndi repu alipo, ndipo chiponde cha m'botolo chimatendera bwino ngati nsinjiro.

M'masitolo ambiri akuluakulu, madzulo amamata timapepala tachikasu pa zakudya zimene zatsala pang'ono kutha masiku, kutsitsa mtengo mwina ndi theka kapena kuposerapo. Tsiku loyamba ndinaima patali ndi mtsikana amene ankamata timapepalato, ndikunamizira kuwerenga zolembedwa pa botolo la mafuta, chifukwa ndinkaopa kuti anthu aona kuti mlendo wakudayu ndi wosauka. Nditakweza maso ndinaona gogo wina wachizungu ataima ndi basiketi yake, kumbuyo kwake kuli mayi wovala yunifolomu ya kuchipatala, onse akudikira chimodzimodzi ndi ine, ndipo gogoyo ndi amene anandilozera kumene anaika nsomba. Kuyambira tsiku limenelo manyazi anandichokera. Nyama yogula moteroyo mukaiika mufiriji youmitsa tsiku lomwelo imakhala bwino masabata angapo.

Zoti munyamule n'zochepa. Tengani mthiko ndi chipande, chifukwa supuni zamatabwa za kumeneko zimathyoka nsima ikalimba. Jekete lochindikala ndi nsapato zosalowa madzi muzifune pa kaunjika konkuno, pakuti zambiri mwa zovala zimenezi zimachokera ku mayiko ozizira omwewo, ndipo Julayi akapita ogulitsa savuta kunenerera. Mapoto, mbale ndi mabulangete musalemedwe nazo, chifukwa zimapezeka motchipa m'mashopu a mabungwe othandiza anthu monga Oxfam, ndiponso ophunzira amene akumaliza amazigawa ulere. Mabuku musagule musanaone kulaibulale. Mukafuna kupita ku mzinda wina, basi ya National Express yogula tikiti yake pasadakhale imatchipa kuposa sitima, ndipo ngati muzikwera sitima kawirikawiri, khadi la 16-25 Railcard limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, ndipo wophunzira wa nthawi zonse amaloledwa kuligula ngakhale atapitirira zaka 25.

Bambo a Chisomo a ku Katoto anayankha kuti:

Aphunzitsi, ine sindinaphunzireko kunja, koma ndine kholo limene linatumiza mwana wamkazi ku Pretoria, choncho ndiyankhula za mbali imene mayi Naphiri sanaikhudze, ndiyo ya ife otsala kuno.

Tinasankha South Africa chifukwa mayunivesite a boma kumeneko amalipiritsa ana a m'mayiko a SADC fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuwonjezerapo kandalama kena ka alendo, ndiponso chifukwa mwana amatha kupita pa basi kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Park Station mu Johannesburg. Tinkaganiza kuti tawerengera zonse. Koma mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Ndalama zimene ndinasonkhanitsa chaka chonse kuti mwana akalembetsere mu Januwale zinali zokwana mu Okutobala, koma pofika mu Disembala zinali zitaperewera, ngakhale kuti sindinachotsepo ngakhale tambala. Kuwonjezera apo, nditapita ku banki ina ndi makalata onse a sukulu kukapempha ndalama zakunja, ndinadikira masabata angapo ndikungouzidwa kuti ndibwerenso mawa.

Ndikunena izi kuti mudziwe kuti tsiku limene zidzakuthinani kumeneko, thandizo lochokera kuno silidzafika pa nthawi yake, ngakhale abale anu atakhala ndi mtima wabwino chotani. Choncho musanatumize ngakhale paundi imodzi kunyumba, yambani mwasunga kumeneko ndalama yokwana lendi ndi chakudya cha mwezi umodzi, ndipo imeneyo musaikhudze ngakhale mutamva kuti malata atsika mtengo.

Chachiwiri n'chovuta kuchinena, koma ndi chimene chimagwetsa ana athu ambiri. Munthu akangokwera ndege pa bwalo la Kamuzu, abale amamuona ngati wafika pa chitsime cha ndalama. Foni imayamba kulira: uyu mwana wathamangitsidwa fizi, uyu kuli maliro, uyu akufuna mpamba wa bizinesi ya ku msika wa Taifa, ndipo aliyense amaganiza kuti akupempha yekha. Inu, poti ndinu mphunzitsi wolemekezeka amene anthu anazolowera kum'dalira, kukana kudzakuvutani kuposa mmene kungavutire mnyamata. Musanapite, itanani abale a mbali zonse ziwiri, makamaka amalume ndi alongo anu, muwaonetse kalatayo ndi mtengo wa chipinda chimene mukakhalemo, kuti aone ndi maso awo zimene zikutsala. Muwauze kuti kwa miyezi 12 iyi simuli pa ntchito koma pa sukulu, ndipo mugwirizane amene adzasenze feteleza wa mayi chaka chino, poti nyengo yogula feteleza idzakupezani mutangofika kumene ndipo musanakhazikike. Mutu umodzi susenza denga. Zopempha zonse zizidzera kwa mayi a kunyumba, ndipo iwo adziwe mlingo umene mwagwirizana pamwezi, ngakhale ukhale wochepa, chifukwa kandalama kodziwika tsiku lake kamathandiza banja kuposa ndalama yambiri yobwera mwadzidzidzi kenako n'kusowa miyezi itatu.

Za nyumba ya ku Mchengautuwa, ine ndikanati muisiye chaka chino. Funani mmisiri aphimbe pamwamba pa makoma kuti mvula ya kuno, imene imagwa mpaka Epulo ndi Meyi, isalowe m'njerwa, ndipo zofolera mudzaziona mutabwera.

Ndimalize ndi chimene chimandipwetekabe mumtima. Mwana wanga atadziwa kuti kuno zavuta, anayamba kudya kamodzi patsiku osatiuza, ndipo pa foni ankangoti zonse zili bwino. Tinadziwira pa chithunzi chimene anatumiza, mayi ake ataona mmene khosi lake linatalikira ndi mmene diresi limene anasoketsa kuno linkam'khalira ngati lobwereka. Musadzachite zimenezo. Zikadzavuta muuze mkazi wanu zoona, kuti nayenso adziwe poyambira.

Wakale wa Mzuni anayankha kuti:

Achimwene, ine ndiyankha funso lanu la ganyu, chifukwa ndi pamene ndinapunthwa. Ndinamaliza digiri yoyamba ku Mzuni konkuno ku Luwinga, ndipo yachiwiri ndinakachitira ku England.

Malamulo ake ndi awa. Viza ya wophunzira wa digiri imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata pamene sukulu ili m'kati, ndipo sabata iliyonse amaiwerenga payokha, kotero simungagwire maola 30 sabata ino n'kunena kuti sabata yamawa mugwira 10. Imaletsanso kudzilemba nokha ntchito. Mfundo imeneyi ikukukhudzani kwambiri inu monga mphunzitsi wa masamu, chifukwa anthu adzakuuzani kuti muziphunzitsa ana a eni m'makomo n'kumalandira ndalama pamanja, koma kuteroko kumawerengedwa ngati bizinesi yanu. Chimodzimodzinso kupereka zakudya m'makomo pa njinga, makamaka pogwiritsa ntchito akaunti ya munthu wina, monga ena amachitira. Mukagwidwa, chimene mungataye ndi viza ndi digiri yomwe. Funani ntchito imene wolemba ntchito amakulembani m'kaundula wake n'kumakupatsani pepala la malipiro. Nambala ya National Insurance, imene imafunika pa nkhani ya ntchito ndi msonkho, imapezeka ulere pa tsamba la boma, ndipo musalipire munthu aliyense kuti akutengereni. Kuyambira mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali mapaundi 12.21 pa ola. Werenganinso bwino kalata ya amene akukulipirirani, chifukwa ena amaika malamulo awoawo pa nkhani ya ntchito, ndipo funsani ku yunivesite ngati miyezi yolemba kafukufuku amaiwerenga ngati tchuthi, poti m'malo ambiri imawerengedwa kuti sukulu ikadali m'kati.

Ine malamulo onsewa ndinawasunga, komabe ndinapweteka. Ndinapeza ntchito ya usiku m'nyumba ina yosungiramo katundu, mausiku awiri pa sabata, maola 10 usiku uliwonse, ndikunyamula makatoni kuchokera pa lamba kuika pa mapaleti. Ndinkaweruka m'bandakucha, kukwera basi yoyamba zala zitauma ndi chisanu, kusamba, n'kupita ku kalasi ya 9 koloko. Ndalama inkaoneka ndithu, ndipo kunyumba ankandiyamikira. Koma digiri ya chaka chimodzi siidikira munthu: mumafika mu Seputembala, pofika Januwale mayeso ndi nkhani zolemba zafika kale. Ndinalephera phunziro limodzi, ndipo ku yunivesite yanga wobwereza mayeso sankapatsidwa malikisi oposa ongokhozera, ngakhale atalemba bwino chotani. Phunziro limodzilo linatsitsa digiri yanga yonse, ndipo pamene ndinkafunsira thandizo la digiri yachitatu, pepala limenelo ndi limene ankaliyang'ana. Ndalama za makatoni zija zinatha kalekale, koma malikisi aja ndikadali nawo.

Chikhala kuti ndikuyambanso, miyezi itatu yoyamba sindikanagwira ganyu iliyonse. Pambuyo pake ndikanafuna ntchito ya pa kampasi, monga kulaibulale, kuthandiza pa masiku olandira alendo kapena kuyang'anira mayeso, ya maola 8 kapena 10 pa sabata, chifukwa akuluakulu a kumeneko amamvetsa mukawauza kuti sabata ino muli ndi mayeso.

Ndionjezere pang'ono pa zimene achemwali a ku Luwinga anena. Kusamala ndalama kuli ndi malire ake. Ine ndinkazimitsa chotenthetsera m'chipinda n'kumagona ndi jekete, mpaka khoma linachita nkhungu ndipo ndinadwala chifuwa mwezi wathunthu. Wophunzira aliyense amalipiriratu ndalama ya zaumoyo pofunsira viza, imene kuyambira mu Febuluwale 2024 ndi mapaundi 776 pachaka, choncho kuonana ndi dokotala simulipiranso. Lembetsani ku chipatala cha m'dera lanu sabata yoyamba, musadikire kudwala. Ndipo zikathina, mayunivesite ambiri ali ndi thumba lothandiza ophunzira amene agwa m'mavuto a ndalama, komanso alangizi amene ntchito yawo ndi yomweyo. Ine ndinalidziwa mochedwa chifukwa ndinkaona ngati kupempha n'kunyozetsa dziko langa.

Mtsikana wa ku Zolozolo anayankha kuti:

Bambo aphunzitsi, ine ndikulemba ndili ku Germany, kumene ndili m'chaka chachiwiri, ndipo ndingowonjezera njira imodzi imene ndinaiphunzira kuno. Wophunzira wodzilipirira yekha amayenera kuika ndalama za chaka chonse mu akaunti yotsekedwa asanapatsidwe viza. Kuyambira mu Seputembala 2024 ndalamazo zinaikidwa pa mayuro 11,904, ndipo banki imangotulutsa mayuro 992 pamwezi, ngakhale mutadandaula motani. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza, koma ndi chimene chinandiphunzitsa kukhala ndi malire. Inu mungadzichitire nokha chimodzimodzi: tsiku limene ndalama zalowa, lipirani lendi nthawi yomweyo, patulani zosunga ndi za kunyumba, ndipo zotsalazo muziike mu akaunti ina n'kumadzipatsa za sabata imodzi yokha Lolemba lililonse. Zikatha Lachisanu, mumadya zimene zili m'kabati mpaka Lolemba.

Kuno ngakhale botolo la pulasitiki lili ndi mtengo, chifukwa ukalibweza ku sitolo amakubwezera masenti 25, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Chimene ndaona kuti chimatha ndalama za ophunzira anzathu si njala koma kusungulumwa. Munthu akakhala yekha m'chipinda kunja kukuda msanga, amayamba kugula zinthu pa intaneti kuti mtima ukhale pansi, ndipo makampani amam'lola kutenga lero n'kumalipira pang'onopang'ono. Ena amatenga foni yatsopano pa mgwirizano wa zaka ziwiri pamene maphunziro awo ndi a chaka chimodzi, kuti zithunzi zotumiza kunyumba zizioneka bwino, ndipo zithunzi zomwezo ndi zimene zimachulukitsa opempha amene bambo a ku Katoto anena. Pitani ndi foni imene muli nayo, mukangogula simu khadi ya mwezi ndi mwezi, ndipo kunyumba muziyankhula pa WhatsApp. Mukapeze mpingo kapena gulu la Amalawi msanga, chifukwa nsima yodyera pamodzi Loweruka imachotsa maganizo popanda kulipira kanthu. Koma akakuitanirani chipereganyu, lowani pokhapokha ngati mukuwadziwa bwino anthuwo ndi masiku amene viza zawo zikutha.

Mphunzitsi wa ku Chibavi anayankhanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Mayankho anuwa tawerenga pamodzi ndi mayi a kunyumba, ndipo pamene tinafika pa nkhani ya mwana wa bambo a ku Katoto anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndiwalonjeze kuti sindidzawabisira. Tagwirizana kuti nyumba iime chaka chino, ndipo Loweruka likubwerali tikupita ku Ekwendeni kukakhala pansi ndi amalume pa nkhani ya feteleza. Ndalemberanso ofesi ya malo ogona ya ku yunivesite, ndipo chipinda chimene munthu wina ananditumizira zithunzi zake pa Facebook ndachisiya, ngakhale kuti anali atayamba kundikakamiza kuti nditumize dipoziti sabata ino. Achimwene a ku Mzuni, mawu anu a ganyu andilasa, chifukwa maganizo anga onse anali pa kuphunzitsa ana m'makomo.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa mayi Naphiri. Apongozi anga a ku Nkhata Bay akonza kale zoti andiumitsire usipa, ndipo mlamu wanga wa ku Karonga walonjeza mpunga wa Kilombero ndi nyemba. Kodi zimenezi amalola kulowa nazo, kapena ndikangozisiya pa bwalo la ndege?

Naphiri wa ku Luwinga anayankhanso kuti:

Aphunzitsi, nyama ya mtundu uliwonse, ngakhale yofutsa, komanso mkaka ndi zonse zopangidwa kuchokera ku mkaka, siziloledwa kulowa nazo kuchokera kuno, choncho zimenezo musayese n'komwe. Nsomba zouma zimaloledwa pa mlingo woikika, ndipo ine usipa ndinalowa nawo popanda vuto. Zipatso, masamba aawisi ndi mbewu zambiri zimafuna chikalata cha zaumoyo wa zomera, motero nyemba ndikanati muzisiye, poti kumeneko zilipo zambiri ndipo n'zotchipa. Werengani tsamba la boma la gov.uk sabata imene mukunyamuka, chifukwa malamulowa amasintha kukabuka matenda a ziweto kapena a mbewu, ndipo mukafunsidwa pa bwalo nenani zonse zimene mwanyamula. Mpunga ndi wolemera, ndipo kilogalamu iliyonse yopitirira mlingo wa tikiti yanu imalipiritsa kuposa mtengo wa mpungawo. Tengani wochepa wa tsiku la Khirisimasi, malo otsalawo muike jekete ndi paketi ya khofi wa Mzuzu yokapatsa amene adzakuyang'anirani pa kafukufuku.

Usipawo auume kwambiri, muukulunge m'mapepala a pulasitiki awiri kapena atatu n'kuuika m'kontena yotseka bwino, apo ayi zovala zanu zonse zidzanunkha nyanja. Mukakafika muuike mufiriji youmitsa, ndipo pokazinga mutsegule zenera ndi kutseka chitseko cha khitchini, chifukwa nyumba za kumeneko zili ndi mabelu olira akamva utsi, ndiponso anzanu a m'nyumba sanazolowere fungo lake. Ine ndinkatapa kadzanja kamodzi Lamlungu lililonse, ndipo wanga unandifikitsa mu Malichi.

Chinthu china chimene ndinaiwala kunena poyamba ndi cha masabata oyambirira. Ndalama za mwezi woyamba zimatha kuchedwa, chifukwa kuti mutsegule akaunti ku banki pamafunika kalata ya yunivesite ndi adiresi ya kumene mukukhala, ndipo zimenezi zimatenga masiku. Yambani lero kufunsira ku banki yanu kuno ndalama zakunja za paulendo, mutatenga kalata ya sukulu ndi pasipoti, kuti mukafike muli ndi mapaundi okwana chakudya ndi basi kwa masabata awiri kapena atatu. Ena mwa iwo akhale m'thumba la malaya amene mwavala, osati m'chikwama chimene chikalowe pansi pa ndege.